Kuperekeza Mlendo Mpaka ku Oadby

Chaka chimene ndinamaliza sukulu, zotsatira za mayeso anga zinali zoipa moti ngakhale envulopu yake inkachita manyazi. Amayi anazitenga ngati maliro. Maanti onse a kutchalitchi, a ku Zambia ndi a ku Zimbabwe omwe, anabwera kwathu ku Wigston, kufupi ndi mzinda wa Leicester ku Mangalande, kudzapepesa, n'kugamula kuti ndikayambe kozi yosamalira okalamba. Ine ndinati ayi, ndikuphunzira Chikoreya. Anti wina anafunsa ngati Chikoreyacho chimalipira renti.

Sindinkanama. Mnzanga anandibwereka ma DVD a masewero a ku Korea, ndinalira misozi yodzaza bafa, ndiye ndinkafuna kumva zimene anthuwo ankanena osadalira timawu ta m'munsi tija. Kulaibulale ndinakumana ndi mtsikana wa ku Korea wa payunivesite, wokhala kumahositelo a ku Oadby, dera loyandikana ndi kwathu, amene ankafuna womuyeseza Chingelezi. Tinapangana kuti Loweruka lililonse, theka la nthawi Chingelezi, theka Chikoreya. Anali wamkulu kwa ine, ndiye ndinkawati asisi. Iwo ankaseka Chikoreya changa mpaka kugwira m'mimba, ine n'kumawaphunzitsa kuyankha dalaivala wa basi ngati munthu wa ku Leicester, osati ngati buku.

Kenako anti wina anandiona ndikutsika basi ku Oadby. Pofika Lamlungu, m'kamwa mwa maanti, ndinali ndi chibwenzi, mkulu wa dazi, wa magalimoto awiri. Amayi anati ku Oadby ndisakapondekonso, ndipo ngati Mkoreyayo alikodi, abwere kuno amuone.

Anabwera, ndipo apa m'pamene ndinaluza. Anavula nsapato pakhomo asanauzidwe, anawerama, anapereka malalanje ndi manja awiri, tiyi analandiranso ndi manja awiri. Amayi anandiyang'ana ngati kuchipatala anawasinthira mwana.

"Waona mwana wa eni ake? Iwe kapu umapereka ngati ukuponyera galu fupa."

Anagamula kuti maphunziro azichitikira m'nyumba momwemo. Koma kwathu mlendo ndi wa akuluakulu. Mwana ntchito yake ndi ketulo, mabisiketi, ketulonso. Amayi ankakhala ndi asisi pasofa, kuwaonetsa zithunzi za ku Zomba, kuwafunsa za makolo awo, kuwadandaulira za mashifiti ndi bondo. Asisi, ndi ulemu wawo uja, ankangogwedeza mutu. Chingelezi ankachipeza chambiri, mpaka chotsala. Changa Chikoreya chinkafa ndi njala kukhitchini. Ndikati ndiponyepo liwu, amayi ankangondidula ndi diso, diso loti likhoza kuimitsa basi.

Komatu amayi omwewo ndi amene anandilera ndi lamulo lakuti mlendo satsanzikidwa pakhomo ngati wobweretsa makalata, amaperekezedwa. Loweruka lina atangoti ndikawaperekeze asisi, ndinavala jekete ndi nsapato zolimba. Titafika pasiteji basi inabwera, ine n'kuikupiza ndi dzanja kuti idutse. Ndinawauza asisi kuti Chingelezi adya chokwanira, tsopano ndi nthawi yanga, ndipo tiyenda wapansi.

Tinayenda. Ndinkaloza chilichonse, iwo n'kumatchula: galu, mpanda, agogo odulira maluwa, mitambo ya mvula. Mvulayo sinachedwe, inagwa yoti ikanatha kumiza Wigston yense. Ndinaphunzira kunena kuti ndazizidwa, ndili ndi njala, ndiponso kuti amayi anga andipha. Mawu atatu amenewo mpaka lero sindiwalakwitsa.

Titafika pageti la hositelo ndinati basi, ndabwerera. Asisi anakana. Akuti kwawo wamkulu sangasiye mng'ono wake kuyenda yekha mtunda wonsewo, amayi ako andiona ngati ndani. Ndiye anandiperekeza. Ine sindinalimbane nawo, unali mwayi wa phunziro lachiwiri.

Tinapeza amayi ali pakhomo, manja m'chiuno, tiyi wawo atazizira kalekale.

"Za ku Oadby ndinati chiyani?"

"Munati ndisakachezeko, mami. Sindinacheze. Ndimaperekeza."

"Kuperekeza n'kufika pasiteji."

"Nanga ku Zomba alendo munkawasiya pati? Si inu mumati munkawoloka nawo mtsinje mpaka kuona denga la kwawo?"

Anatsegula pakamwa kuti andimalize, koma kumbuyo kwanga kunali asisi, atanyowa ngati nkhuku, akuwerama, madzi akuyenderera m'tsitsi. Mlendo anali atafikanso pakhomo pawo. Kumukalipira mwana pamaso pa mlendo sakanatha. Kumusiya mlendo abwerere yekha sakanathanso, mbiri yake ikanafika kutchalitchi iwo asanafike. Ndinaona mutu wawo ukugwira ntchito mpaka utsi.

Anawalowetsa asisi, kuwapukuta, kuwaveka juzi lawo la kuntchito lofika m'mawondo, ine osandipatsa ngakhale kansanza. Ndinaima pakalapeti ndikudontha, mano akugundana, koma nsapato sindinavule. Amayi anaziyang'ana nsapatozo kwa nthawi yaitali. Kenako anapita kuseri kwa chitseko, anatulutsa ambulera yawo yaikulu imene sabwereka munthu, n'kundikankhira pachifuwa.

"Mlendo asanyowe. Iwe zako izo."

Tinatuluka, ndipo pasiteji sitinaime.