Memorya ya Kompadre Fausto

Anthu a pa msika wa Milange amati ine Benvinda pakamwa panga palibe chitseko. Asiyeni anene. Ndimakazinga mandasi ndi mbatata moyang'anizana ndi baraka ya a Fausto, ndiye maso ndiwaike kuti? Sukulu ndinalekezera kalasi yachinayi, koma kuona sindinalekeze. Komanso a Fausto ndi kompadre wanga, ndi amene anandigwirira mwana pa ubatizo, choncho ndikamawanena ndikunena wanga yemwe.

Baraka yawo ndi ya masewera a pa kanema. Malata asanu ndi limodzi, mabenchi awiri, televizau yachikale ija yotupa kunkhongo, ndi kabokosi kakuda kotchedwa konsola. Umalumikizako makomandu awiri, tamabatani togwira m'manja tija, n'kumamenya mpira ndi zala, matako ali pa benchi. Gemu imodzi metikali zisanu.

Anaitsegula mu 2008 ndi mng'ono wawo João Baptista. Awiriwa anakulira kumsasa wa othawa nkhondo kutsidya kwa malire, ndipo pobwerera kuno wamkulu anasenza mphasa, wamng'ono nkhuku. Konsolayo anakaigula ku Limbe, yoti ena anali ataitopetsa kale, pa mtengo wa mbuzi ziwiri. João anaidutsitsa pa Muloza ataikulunga m'chitenje ngati khanda, n'kumaisisita kuti isalire.

João anali wamkamwa ngati ine. Ndiye anatulukira kuti m'gemumo muli popangira timu yakoyako. Anapanga timu ya bairu yathu yonse, dera lathu lino. A Fausto anawaika pagolo, ati mimba yatseka kale theka. Malemu amuna anga kumbuyo, akatekisita kuphiko lamanja, iye mwini nambala naini. Ine anandiika pa benchi, dzina lake Wayilesi. Ndinakwiya sabata yathunthu. Sabata yachiwiri ndinakafunsa ngati Wayilesi angalowemo ngakhale mphindi zisanu, ndipo João anati, "Komadre, mukalowa inu, onena za mpirawo adzakhala ndani?"

Timu yonseyo inkakhala m'kakhadi kakuda, kukula kwake ngati bisiketi, kolowetsa pa kabowo kutsogolo kwa konsola. Kakhadiko dzina lake memorya. Gwirani mawu amenewo, abale, chifukwa ndi amene anadzagwetsa kompadre wanga.

Mu 2014 João anakwera basi ya ku Joni. Potsanzika pa baraka ndinamva ndi makutu anga akuti, "Mano, achimwene anga, musafufute timu. Ndikabwera tidzamalize ligi." Anaimba foni zaka ziwiri, anatumiza jekete yachikopa yoti a Fausto sinawakwane, kenako nambala inangoti zii. Ena amati ali ku Durban ndi mkazi wa kumeneko. Ena amati ali m'migodi. Ena amangoyang'ana pansi. Ine amene ndimadziwa ngakhale tambala amene walira kwa eni ake m'tauni muno, pa nkhani iyi ndilibe kanthu.

Kuyambira pamenepo, Lamlungu lililonse ikatha Misa, a Fausto ankatseka chitseko cha baraka ola limodzi. Makasitomala azidikira panja, dzuwa liwaphe. Lata la kumbali lili ndi kabowo ka msomali, ndipo si ine ndinakaboola. M'katimo munthu wamkulu, wa ana anayi, ali yekha pa benchi ndi malaya a kutchalitchi, mpira uliwonse akupatsira nambala naini. Ngakhale akatekisita ali okha pamaso pa golo, mpira ukubwerera kwa naini. Pakamwa ali, "Thamanga iwe, waulesi. Thamanga."

Koma chinthu cha mtengo wa mbuzi ziwiri sichingakhale mpaka kubwera kwa Ambuye. Konsola inakalamba. Inayamba kukana chimbale pokhapokha itapendekeka, ndiye anaiika pa njerwa. Kenako inafuna kugona chagada. Kenako inafuna kukupizidwa ndi chivindikiro cha ndowa, n'kumalira ngati munthu wa chifuwa cha mphumu. Makasitomala anathawira kwa Cipriano, amene anatsegula baraka yake pafupi ndi poimira maminibasi, ndi konsola yamakono yoti osewera ake amaoneka thukuta. Komadre Anabela, akazi a a Fausto, anafika tsiku lina manja ali m'chiuno.

"Bambo, gulani china. Apo ayi baraka iyi ndiikamo nkhuku, bola zimaikira."

Mlandu unakambidwa pa mbaula yanga, m'mawa wa Lachiwiri. Panali Cipriano, ndi Hermínio, tekiniko wa mafoni amene anaphunzira miyezi itatu ku Mocuba n'kubwerako akulankhula Chipwitikizi cha m'mphuno. Cipriano anali ndi konsola ina imene ankafuna kuitaya. Hermínio anali ndi msuweni wogulitsa makomputadori ku Nampula. Afisi awiri kulangiza mbuzi njira.

"Tiyu Fausto," anayamba Hermínio, kuwatchula malume m'Chipwitikizi chakecho, ndasi langa lili m'kamwa, "konsola ndi nkhuku yoyera ija. Yotchipa, imakula msanga, imafa msanga, ndipo ikafa yafa yonse. Komputadori ya magemu ndi njinga. Tcheni chikaduka mumasintha tcheni. Tayala likatha mumasintha tayala. Njinga ndi yomweyo."

"Muwauze mtengo wa njingayo," anatero Cipriano.

"Zikwi makumi anayi."

"Mwamva? Yanga ndikukupatsani pa zikwi khumi ndi zisanu. Mungagule ziwiri, n'kutsala ya chitenje cha achemwali athu, mana Anabela."

"Gawani ndi zaka," Hermínio anatambasula zala zamafuta. "Ndi fumbi la kuno, yakoyo zaka zinayi yagona. Yanga khumi."

"Njinga yanji yoopa magetsi? Akangophethira kamodzi yakomoka. Ndipo ikakomoka, sing'anga wake wolipidwa ndi ndani? Si iwe wemwe?"

Ine ndinati nonse awiri mulipire kaye mandasi. Ndinaonjezanso kuti nkhuku yoyera ya a Fausto yakhala zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, kuposa maukwati a anthu ena amene ndikuwaona pano. Cipriano anatsokomola.

A Fausto nthawi yonseyi dzanja linali pa thumba la malaya. Za mtengo sanafunse n'komwe.

"Zaka khumi zenizeni, Hermínio?"

"Khumi, tiyu. Mukamaisintha ziwalo, kupitirira."

Anawerenga chamumtima, milomo ikugwedera. Ndinadziwa chimene akuwerenga: osati ndalama, koma ngati zaka khumi zingakwane kuti munthu atope ndi Joni. Kenako anatembenukira kwa Cipriano.

"Yakoyo imalandira memorya?"

Cipriano, amene anakulira pa benchi la baraka yomweyo, anadziwa kakhadi kamene akunena. "Zakale izo, tiyu. M'zamakonozi sizilowa."

"Nanga yako, Hermínio?"

"Memorya? Tiyu, ili ndi memorya yoti konsola yanu ingagwade. Magiga khumi ndi asanu ndi limodzi. Ndipo mukafuna kuikamo ina, polowetsa pake palipo."

"Polowetsa palipo?"

"Pawiri!"

A Fausto anamwetulira kumwetulira kumene ndinali ndisanakuone chichokereni basi ija. Ndivomere pano kuti nane sindinaone msampha. Memorya ndi memorya, ndinaganiza choncho. Ndani akanadziwa kuti azungu anapatsa zinthu ziwiri dzina limodzi ngati ana a mitala?

Anagulitsa nandolo yense wa kumunda kwawo ku Mongue. Sizinakwane. Anagulitsa njinga yawo yonyamulira katundu. Kugulitsa njinga yeniyeni kuti ugule njinga ya m'mwambi wa Hermínio! Komadre Anabela sanawalankhule masiku anayi, koma lachisanu ndinawaona akukolopa baraka.

Chinthucho chinafika pa minibasi Loweruka masana, m'katoni yaikulu ngati ya firiji ya mwana. Bokosi lakuda, mbali imodzi galasi, m'kati muli nyali zosinthasintha mitundu ngati kutchalitchi pa Khirisimasi. Theka la msika linabwera. Ngakhale onyamula katundu a pa malire anasiya matumba. Hermínio analumikiza zingwe akutukumuka, kanema watsopano anayaka, udzu wa m'bwalo unaoneka umodziumodzi, anthu anakuwa.

Apo a Fausto, atavala malaya a Misa tsiku losakhala lake, anatulutsa kakhadi m'thumba. Anayang'ana kutsogolo kwa bokosi. Anazungulira kumbuyo. Anagwada, n'kuyesa pa kabowo aka, pa kabowo ako.

"Hermínio, polowetsa paja ndi pati?"

Hermínio anayang'ana kakhadi, n'kuyang'ana nkhope ya a Fausto, ndipo Chipwitikizi chonse chinamuthera. Anamasula galasi, n'kuloza timatabwa tiwiri tobiriwira, titalitali ngati chipeso.

"Memorya ndi iyi, tiyu. Yothandiza kuti makina aziganiza msanga."

"Nanga yokumbukira?"

Cipriano anayamba kuseka, ine n'kumuponda chala ndi chidendene mpaka kuseka kunasanduka pemphero. A Fausto anadzuka, anapukuta mawondo, anapita pa ngodya pamene panali konsola yakale pa njerwa yake. Analowetsa kakhadi, anayatsa. Kanyali kofiira kanaphethira kamodzi. Anaigoneka chagada, anaikupiza ndi chivindikiro, anainong'oneza. Inali itamva kuti akwatira wina. Sinayakenso.

Za malonda ndisaname, zinayenda. Makasitomala anabwerera, benchi lachitatu linagulidwa, Cipriano anayamba kundipatsa moni wa m'mano. Koma Malamlungu atatu chitseko sichinatsekedwe. A Fausto ankakhala panja pa mpando, kuyang'ana msewu wochokera ku malire, munthu aliyense wotsika ndi chikwama chachikulu n'kumutsatira ndi maso mpaka akhote. Hermínio ankadutsa cha kuseri kwa ogulitsa tomato.

Lamlungu lachinayi ndinaona Hermínio akutuluka m'baraka mwakachetechete, chitseko n'kutsekeka. Ndisanafike n'komwe pa kabowo kanga, chinatsegukanso.

"Komadre, lowani. Mwasuzumira zaka khumi ndi chimodzi, lero khalani pa benchi. Maso anu aja ndikuwafuna."

Manyazi ndilibe ambiri, koma ochepa amene ndili nawo anandigwira.

Hermínio anali atawaonetsa popangira timu m'gemu yatsopano. Maina onse anali atalowa kale, pagolo mwini wake, malemu amuna anga kumbuyo, Wayilesi pa benchi. Koma pa naini a Fausto anaima. M'konsola yakale nkhope zinali zisanu zokha, zonse zophwanyika ngati mbatata, umangosankha imodzi n'kuitcha m'bale wako. Koma makina a zikwi makumi anayi amafunsa. Mphuno yotani? Nsidze zotani? Chibwano? Ndipo chithunzi cha João chimene a Fausto ali nacho ndi chimodzi, cha pa ubatizo wa mwana wanga, pamene iye anatembenuka kuseka munthu wina.

"Ndayesa ndekha," anatero, mawu ali pansi, "akutuluka munthu wachilendo."

Ndiye tinayamba kumuumba. Mphuno ndinati iphwatalale pang'ono. Makutu atuluke, anali ngati a kapu. Pa chipsera cha pa nsidze, chimene anachipeza atagwa pa njinga akuyang'ana mtsikana wa ku Muloza, tinakangana.

"Kumanja, komadre."

"Kumanzere, kompadre. Inu munkamuona ngati m'bale, ine ndinkamuona ngati nkhani."

Anaika kumanzere. Munthu wa pa kanema anatiyang'ana, ndipo a Fausto anapumira m'mwamba. Anali iyeyo, kungosowa phokoso.

Panatsala tsitsi. Chala cha a Fausto chinaima pa komandu nthawi yaitali.

"Chaka chino akwanitsa zaka makumi anayi ndi zinayi," anatero osandiyang'ana. "Ine pa msinkhu umenewo imvi zinali zitayamba cha m'mbalimu. Ndimuike imvi, kapena ndimusiye mmene anachokera?"

Ine wa kalasi yachinayi ndinamva funso limene linali pansi pa funsolo. Akufa sachita imvi. Amuna anga amene ali kumbuyo m'timumo adzakhala ndi tsitsi lakuda mpaka kalekale, ndipo kompadre sanandifunse za iwo.

"Ikani imvi," ndinatero. "Ndi kamimba komwe. Ku Joni amadya nkhuku tsiku ndi tsiku, mukuganiza kuti akadali ngati ndodo?"

Anaika imvi, zochepa, cha m'mbali. Anaonjeza kamimba, kenako anakachepetsa, ati asalephere kuthamanga. Anandipatsa komandu yachiwiri, n'kulowetsa Wayilesi m'bwalo koyamba chibadwire. Zala zanga zozolowera mtanda zinangopondaponda, Wayilesi anathamangira ku mbendera ya pa ngodya n'kuima pamenepo ngati akumvetsera za eni. Mpira utandipeza mwangozi, kompadre anakuwa, "Kwa naini, komadre, kwa naini!" Ndinaupereka kwa naini.

Kakhadi kakale kakadali m'thumba la malaya, pamodzi ndi korona. Konsola yakufa ili pa njerwa yake, komadre Anabela anaiphimba ndi kansalu koluka. Potuluka tsiku limenelo ndinawafunsa, poti kufunsa ndiye ntchito yanga.

"Nanga zaka khumi za Hermínio zikatha asanabwere?"

A Fausto anatsegula chitseko kuti makasitomala alowe, anayang'ana kaye msewu wa ku malire.

"Tidzasintha tcheni, komadre."