Mlandu wa Mapazi Otupa

Chizindikiro choyamba chinali nsapato. Zapulasitiki zanga zopitira ku tchalitchi zinangoyamba kukana kulowa. Inali nyengo yachisanu, chaka chotsatira chisankho cha matipate ambiri, mimba yanga yoyamba ili ya miyezi isanu ndi iwiri. Posakhalitsa nkhope nayo inatupa, mutu unkawawa osaleka, ndipo m'maso munkadutsa tinyenyezi.

Sikelo ndinayamba mochedwa, poti kwathu mimba salengeza msanga. Ku chipatala cha ku Mitundu tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa, tikuimba nyimbo za sikelo podikira. Nthawi yanga itakwana, namwino anandimanga lamba pamkono n'kupopa, kenaka anabwerezanso. Anayeza ndi mkodzo womwe, ndipo ndinaona nkhope yake itasintha.

"Amayi, magazi anu akuthamanga kwambiri. Mwana ali moyo, koma nonse awiri muli pangozi. Katengeni katundu, mawa mudzagone kuno."

Ndinalira njira yonse yobwerera. Kunyumba amayi aakulu, omwe anandilera amayi anga atamwalira, anadina phazi langa ndi chala, panatsala kadzenje. Anati nthendayo si ya kuchipatala, ndi tsempho. Kwathu amati mwamuna akayenda ndi mkazi wina, wake ali woyembekezera, mkazi wakeyo amatupa, ndipo sachira mpaka mwamunayo ataulula. Amuna anga, aPhiri, anali atangobwera kumene kuchokera kwawo ku Nathenje, komwe ankathandiza akulu awo kudinda fodya. Maso onse anagwera pa iwo.

APhiri anakana kwamtuwagalu, koma anali mkamwini, ndipo mawu a mkamwini salemera pamudzi pa eni. Amayi aakulu analetsa ulendo, ati kupita osaulula n'kukafera m'njira. Ankandikonda, ndipo chimandipweteka n'chomwecho. Masiku anapita ndikumwa zamizu, dzanja lili pamimba, ndikumvetsera mwana. Ankagunda, koma mphamvu zinkachepa. Mantha aja sindidzawaiwala.

M'mawa wina ndinanena kuti mwana sanasunthe kuyambira dzulo lake. APhiri anaimirira pamaso pa onse n'kunena kuti avomera, anayendadi ku Nathenje. Achibale anawanyoza, anatipatsa mankhwala a mwambo, kenaka anatilola kumanga ngolo. Titapitirira dambo, aPhiri anandiyang'ana misozi ili m'maso.

"Ndanama. Palibe amene ndinayenda naye. Ndimangofuna akumasule."

Ku Mitundu ndinakomoka n'kuyamba kuphupha. Ndinatsitsimuka ku chipatala chachikulu ku Lilongwe, diripi ili pamkono. Dokotala anayankhula motsitsa mawu: "Pepani amayi, mwana tamupeza atatisiya kale. Inuyo mwapulumuka." Mwanayo anali wamwamuna. Mwana wotero kwathu samuchitira maliro, amakamuika amayi okhaokha mwakachetechete, ndipo ine sindinaone ngakhale pomwe anagona.

Ndinakhala m'wodi limodzi ndi amayi oyamwitsa. Mkaka unabwera wopanda woumwa, ndinachita kumanga chifuwa ndi chitenje. M'mawa uliwonse ankabwera ndi lamba uja wapamkono, kenaka mapilitsi, kenaka kudikira dokotala. Amayi aakulu ndiwo ankandidikirira, akugona pansi pafupi ndi bedi langa, ndipo za tsempho sanazitchulenso. Pang'onopang'ono kutupa kunaphwa, mutu unaleka, ndipo ananditulutsa ndi langizo loti ndizikayezetsa pafupipafupi. Thupi linachira msanga kuposa mtima. Kwa miyezi yambiri ndinkapatuka ndikaona mayi atabereka mwana kumsana.

Mimba yachiwiri ndinayamba sikelo isanaoneke n'komwe. Magazi atayambanso kuthamanga ndinakakhala kuchidikiro, ndipo anabadwa mtsikana amene lero ali ndi ana akeake. Ine ndikumwabe mapilitsi, koma ndili bwino, khasu ndimagwira ndithu.

APhiri anamwalira mudzi ukunenabe kuti anapha mwana wawo ndi chiwerewere. Ndinayesa kuwayeretsa, koma anthu ankati, "Si anavomera okha?" Iwo sanadziteteze ngakhale kamodzi. Ankangoti bola ine ndili moyo.

Amayi anzanga, yambani sikelo msanga, ndipo mapazi ndi nkhope zikatupa musadikire kuti wina aulule kanthu. Namwino akati bwerani mawa, pitani mawa lomwelo. Mlandu suwola, mudzaupeza pobwera. Mwana wanga sanathe kuudikira.