Pikapu ya Agogo Pamiyala

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, choyamba kubwera ndi petulo m'kamwa. Ndinali nditapempha buku lopanda chikuto la zokonza magalimoto kwa mayi wogulitsa mandasi pa Nkope, amene ankaling'amba masamba n'kumakulungira malonda ake. Chingerezi ndinkachiwerenga chala chili pamzere, milomo ikugwedera, komabe ndinatolamo zoti mafuta otsalira m'thanki amawakoka ndi paipi. Tsamba lonena posiyira kuyamwa liyenera kuti linapita ndi mandasi. Ndinameza. Tsiku lonse ndinkageya fungo la injini ya boti, agogo akunditafunitsa ndimu, akuseka mpaka kofiya kugwa.

"Che Injiniya," anatero, "lero mukhale kutali ndi mbaula."

Pikapuyo inali yabuluu wofwifwa, yamphuno yaitali, itakhala pamiyala pansi pa mtengo wa bwemba kuseli kwa nyumba. Kale inkanyamula chambo ndi utaka kupita ku Limbe, ndipo madzi a nsomba anali atadya kumbuyo kwake moti ukakwera unkaona nkhuku zikudutsa pansi. Agogo anabwera nayo kuchokera ku Namwera pamene ankadzakwatira, choncho pamudzipo anali mkamwini. Agogo aakazi atamwalira, sadaka n'kutha, a Jafali, mlongo wa malemuwo, anabwera kudzawasudzula kuti azibwerera kwawo. Malo amene ankakhalawo anali kale ndi owafuna, anthu a m'tauni omanga nyumba zogona alendo.

"Ndamva, alamu," anatero agogo. "Koma ndinabwera ndi galimoto, ndidzapita ndi galimoto. Ikalira, ndinyamuka."

Mawuwo ife ana tinawamva, koma chimene tinagwirapo n'choti galimoto idzalira.

M'mawa uliwonse akachokera kumzikiti ankayala chiguduli, n'kumasula chitsulo chimodzi, n'kuchitsuka m'beseni la palafini ndi mswachi wakutha, utsi wa owamba nsomba ukudutsa pamwamba pathu, ntchentche zikutera pamafuta akuda n'kukanirira pomwepo. Ankalankhula ngati akuuza chitsulocho, osati ine.

"Umasule chimodzi, utsuke, ubwezere, ndiye ugwire china. Womasula zonse tsiku limodzi amatsala ndi mulu."

Bawuti ya dzimbiri sankalimbana nayo. Ankaithira mafuta a injini n'kuisiya, amvekere, "Yakhala pamenepo iwe usanabadwe, singachoke chifukwa wakwiya." Nditawanyengerera kuti tigule penti, anandigoneka chagada pansi pa galimoto n'kundipatsa hamala kuti ndigogode tchasi. Dzimbiri linandiwazikira m'maso.

"Penti ndi wa anthu odutsa. Yambira kumene kulibe okuonera."

Mvula inabwera n'kupita kangapo. A Jafali ankati akadutsa amafunsa, "Yalira, alamu?" Agogo ankayankha kuti kwatsala pang'ono, Inshaallah, kaburetala yekha. Chaka china chifukwa chinali kuzizira kwa mwera, china chitsulo chimene ankati chimapezeka ku Joni kokha.

Kenako a Jafali anatopa. Loweruka lina anafika ndi makaniko wa pa boma, mnyamata wa ovolosi yodula manja, batire atamangirira panjinga yamoto. Agogo anamulonjera bwinobwino, anamupatsa mpando, iwo n'kukhala pamuzu wa bwemba manja ali pamaondo. Mnyamatayo anatsegula boneti, anayang'ana, anaimba mluzu.

"Madala, injini yoyera chonchi sindinaionepo. Apa palibe chachikulu. Waya uyu yekha ndi amene sanafike pamalo pake."

"Maso, mwanawe," anatero agogo. "Akukalamba."

Dzuwa lisanapendeke pikapu inatsokomola, inalavula utsi wakuda, nkhuku n'kubalalika, kenako inalira mawu okhuthala amene ndinkawamva mpaka m'mimba. Ana tonse a pamudzi tinalumpha. Ine ndi amene ndinatsogolera, ndikuimba hutala, ndikuvina pamwamba pa matayala akale, ndikukuwa kuti agogo apambana. Amayi anali pakhomo atanyamula lichero. Analitula pansi n'kulowa m'nyumba.

Sanatsutse chilichonse agogowo. Anabwereka matayala, anapachira bokosi la masipanala, matiresi ndi kamkeka kawo kopempherera. Amayi anawagwira dzanja pazenera, akuti, "Ababa, kumeneko akakuphikirani ndani?" Iwo anangoti kwawo sikusowa msuweni. Galimoto inatuluka mokwawa, ikutaya dzimbiri m'njira.

Ku Namwera anapeza anzawo onse ali kumanda, ndipo mvula yotsatira isanathe nawonso anatsatira. Uthenga unatipeza ataikidwa kale. Pikapu ija inagulidwa ndi oswa zitsulo, ndipo pamene panali bwemba pali mpanda wa njerwa lero. Ine ndakula ndi shelefu yodzaza mabuku a injini, galimoto ndilibe ngakhale wilo. Anyamata ogula zigoba za magalimoto akale amabwera kudzandifunsa poyambira, ndimawauza za agogo zija, chimodzichimodzi, kuyambira pansi, ndipo amachoka akundiyesa katswiri.

Tsiku lonyamukalo, fumbi litakhazikika, ndinatsala nditaima pakati pa miyala imene inkanyamula galimoto, pamene udzu unali woyera chifukwa chosaona dzuwa. Che Bwanali, oyandikana nafe, anali pakhonde pawo akusoka ukonde, chingwe chili m'mano. Anandikodola, ndinapita n'kukhala pansi.

"Mwavina bwino dzana, Che Injiniya," anatero, osakweza maso. "Za waya uja, agogo ako ndinkawaona ine m'mawa uliwonse. Akamaliza kukuphunzitsa, iwe ukapita kusukulu, ankayang'ana kaye ngati sunaubwezere pamalo pake."