Nyumba Yosagonamo Munthu

Ndinachoka ku Ntcheu nditakwiya. Sukulu ndinasiyira Folomu 2, ndipo malume atanena kuti ndidzakalambira pa kabaza, ndinalumbira kuti sadzandionanso. Msuweni wanga, nesi ku Middlesbrough ku Ingalande, anandipezera ntchito yosamalira okalamba. Pondiperekeza amayi anangoti, "Mtima wakowo uusiye konkuno, Yamikani."

Ntchito yake inali kusambitsa, kudyetsa, kusintha matewera. Mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama zomangira amayi nyumba ya malata. Mchemwali wanga Tiyamike akaimba ndinkamudula pakamwa. Kukamba za kumudzi kunkandiwawa, ine ndili m'kachipinda kozizira, wopanda ndi wondipatsa moni yemwe.

Tsiku lina tinatenga okalamba athu kukaona famu yakale imene anaisandutsa malo oonetsera mmene makolo awo ankakhalira. Ndinalowa ndikukankha agogo ena pa njinga ya olumala. Simbi yamakala, nyale ya palafini, chidebe chochapira, zonse ngati kwathu. Azungu ankaseka n'kumajambula. Kenako tinafika kuchipinda. Bedi loyala bwino, nsapato pansi pake, chovala cha mwana chili pa msomali, pakhomo atamangapo chingwe.

Ndinafunsa mayi wotionetsa malowo kuti eni ake ali kuti.

"Anamwalira kalekale," anatero akumwetulira. "Zonse tinazisunga mmene anazisiyira."

Ndinabwerera m'mbuyo. Kwathu munthu akamwalira katundu wake amagawana, nyumba ina amaigwetsa ndithu. Sitilowa kuchipinda kwa malemu kukasuzumira nsapato zake. Ndinasiya agogo aja pakhomo n'kuthawira panja. Bwana wanga ananditsatira akundikalipira, ine ndinamubwezera mawu oti akanatha kundichotsa nawo ntchito, ndipo ntchito ikatha mapepala okhalira m'dzikomo amathera pomwepo. Sindinasamale. M'maso mwanga munali mphasa ya amayi, yopindidwa, yopanda mwini. Sabata yomweyo Tiyamike anali atandilembera kuti amayi akutsokomola kwambiri, ine osayankha.

Msuweni wanga ndiye anakandipepesera. "Iwe mwana, udzatipha. Pita ukawaone amayi ako, mwina ungachire misalayo."

Ulendo wonse ndinkaopa kuyatsa foni. Nditatsika minibasi ndinkamvetsera ngati kukumveka nyimbo za maliro. Kunali zii. Amayi ndinawapeza ali moyo, ataonda, akusenda chinangwa kuseri kwa kanyumba kawo kakale kaudzu.

"Nanga nyumba ija simugonamo bwanji?"

"Ija ndi yako," anatero. "Ine malata amandisokosera."

Tiyamike anabweretsa kiyi. M'kati munkanunkha simenti. Mipando inali m'mapulasitiki ake. Kuchipinda kunali bedi loyala, ndipo pa msomali panali malaya anga akale, ochapa ndi kusita bwino.

"Timasesamo Loweruka lililonse," anatero Tiyamike monyadira. "Alendo akabwera timawaonetsa. Ana amasuzumira pawindo, amati ndi kwa achimwene a ku Ingalande."

Ndinaima pakhomo la chipindacho osalowa. Mawu aukali amene amabwera okha aja sanabwere.

Madzulo ndinakoka mipando ija n'kuitulutsa pabwalo, ndinang'amba mapulasitiki, n'kuitana ana a Tiyamike kuti akhalepo ndi mapazi awo afumbi. Amayi anandiyang'ana n'kufunsa:

"Ugona mmenemo lero?"

"Ayi, amayi. Mundiyalire kwanu."