Chigawo cha Amalume

Ndinali ndi zaka khumi, Mchinji idakali Fort Manning, pamene mudzi wathu unatseka kamtsinje ka kudambo ndi khoma ladothi. Analamula ndi alangizi a boma, koma damulo tinalikonda. Ng'ombe zinkamwa pomwepo m'chilimwe, amayi ankathirira madimba, ife ana tinkasambira mpaka maso kufiira. Banja lililonse linali ndi chigawo chake cha khomalo, malire ake zikhomo, ndipo chikawonongeka mlandu unali wa mwini.

Chigawo chathu ankasamala amalume anga a Lufeyo, munthu wotsimphina, amene m'mawa uliwonse ankayenda pakhomapo kumata mauna a nkhanu ndi dongo.

Tsiku lina masana, damu litadzaza ndi mvula, ndinalakalaka matemba. Ndinali mtsikana wa nzeru zosafunsa. Ndinatenga kakhasu kamene amalumewo anandisulira, n'kukumba kangalande pamwamba pa khoma, dengu nditatchera kumunsi kuti nsomba zigweremo. Madzi anayamba pang'onopang'ono, kenaka dothi linayamba kugumuka mbali zonse. Ndinatseka ndi manja, ndi mapazi, koma ayi ndithu. Ndinataya kakhasu n'kuliyatsa liwiro.

Pofika madzulo damu linali matope okhaokha, madimba atakokoloka. Anthu anasonkhana pachigawo chathu n'kuwazinga amalume.

"Paja tinkanena ife, ntchito ya miyendo iwiri osapatsa wa mwendo umodzi," anatero mayi wina, ena n'kumaseka.

Amalume anangowerama. Ine ndinali pomwepo. Ndikuchita manyazi kunena kuti mtima wanga unakhala pansi nditaona kuti palibe amene akundiyang'ana.

Patapita masiku atatu amalume anandipeza ndikutsuka mbale kuseri kwa nyumba. Anatula kakhasu kaja pamapazi panga, atakapukuta bwinobwino.

"Ndakatola m'matope," anatero. "Chitsulo sataya, mwanawe. Mawa tiyamba kusenza dothi."

Tinamanganso khomalo, iwo akutsimphina patsogolo ndi dengu pamutu, ine pambuyo. Sanauze munthu aliyense. Anthu anawapatsa dzina loti a Gumulani, ndipo analiyankha mpaka tsiku limene tinawaika m'manda.

Kale ndinkati anandikhululukira basi. Lero ndakalamba, ndipo ndikuona kuti ankadikira kuti ndinene ndekha. Ine ndinadikira mpaka onse amene ankawaseka atatha. Ndikunena tsopano, popanda wondimva mwa iwo: a Lufeyo ankamata bwino khoma lawo. Damu lija ndinagumula ndine.