Manja amene ankati asagwire mdzukulu wanga

Lachiwiri lapitali mdzukulu wanga anatuluka m'chikuta. Mulungu alemekezeke! Amayi anadzaza pakhonde kwathu ku Milepa kudzamuona, ndipo pakati pawo panali a Nachisale, namwino wopuma ntchito amene amakhala okha kuseri kwa tchalitchi.

Nditati ndiwapatse khandalo, asewere anga, amake a mkamwini, anandikoka chitenje.

"Asewere, mwapenga? Manja awo atseka maso a anthu akufa angati? Mukufuna mwanayu atupe?"

A Nachisale anamva. Anaseka, nabisa manja m'chitenje. "Musavutike amayi, ndamuona kale. Mphuno ndi yanu yomweyi, sangakane mtundu." Kenaka anadzuka kuti azipita.

Abale anga, mukuwadziwa manja amenewa?

Nkhondo ya ku Mozambique ili pachimake, mayiwa anasiya chipatala chabwinobwino n'kupita kumalire kukalandira othawa nkhondo. Mabala a zipolopolo ankamanga ndi nsanza zowiritsa mumphika. Amayi apakati ankawachiritsira pansi pa mtengo. Za banja analibe nazo nthawi.

Atabwerera kuno anapeza nkhondo ina, ya kaliwondewonde. Mlongo wanga atagona nayo, ife abale ake tinkamuikira phala pakhomo n'kuthawa. Ankamusambitsa ndi a Nachisale, ankamutembenuza ndi a Nachisale. Inde, ndiwo anamutseka maso. Ine ndinali panja. Mpaka lero ndimalapa.

Ndiye timatero ife. Mwana akatentha thupi timathamangira kwa iwo, opanda ndi nsapato zomwe. Koma pachisangalalo timawasala, ena mpaka kunong'ona kuti mayi wokalamba wopanda mwana ndi mfiti. Chikhristu chake chiti chimenechi? Paja akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Miyambo ndimailemekeza, sindinapite patali ndi sukulu kuti ndiinyoze. Koma apa ndinakana. Ndinawathamangira a Nachisale, khanda lili m'manja, mpaka pamtengo wa mapeyala.

"Anamwino, tambasulani manja."

"Mudana ndi asewere anu chifukwa cha ine?"

"Tambasulani!"

Anamulandira mwanayo, namupempherera. Dzina lawo la ubatizo, Agnesi, ndilo tamupatsa.

Asewere anachoka osadya, ndipo mpaka lero moni wanga sakuyankha. Ndikuwapempherera, koma kupepesa ayi. Agnesi akuyamwa ngati waganyu.

Tsono inu amene mumawerenga maliro m'manja mwa namwino, tsiku limene mudzalephere kudzitembenuza nokha pamphasa, mudzayamba mwafunsa kuti manjawo anagwirapo chiyani?