Nyemba za m'chiuno mwa Rukaya

Rukaya wa ku Lulimile ndi woonda chibadwire. Amayi ake anali otero, azakhali ake chimodzimodzi, anthu oti ngakhale uwaphere mbuzi yathunthu sasintha. Anakwatiwa ndi Ossufo, telala wa pakhonde la sitolo, ndipo Rukayayo amagulitsa nyemba pamsika moyandikana ndi ine. Ndi wamanyazi kwambiri. Wogula akamunyoza kuti nyemba zake ndi zofumbwa amangomwetulira, kenako n'kukalirira kuseri kwa matumba.

Mimba yake yoyamba inabwera ndi mseru wosatha. Chilichonse chimene wadya chinkabwerera, ngakhale tiyi. Ife apamsika tinkaona, koma mayi Olinda, anamwino a kusikelo ya amayi oyembekezera, sankadziwa.

Mayi Olinda si munthu woipa, koma pakamwa pawo! Sikelo yawo ili pakhonde, amayi ali ndandanda pabenchi, ndipo makilo a munthu amawalengeza ngati kondakitala woitanira anthu pasiteji. Wonenepa amamuuza kuti asiye mandasi, apo ayi mwana adzakanirira panjira. Rukaya atatsika pasikelo ulendo wachiwiri, mayi Olinda anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mamã, mwezi wathunthu osawonjezera ngakhale theka la kilo? Bambo akunyumba amakudyetsani koma? Kapena zonse zikupita kwa mkazi wina?"

Benchi yonse inafa nacho chiseko, ndipo nkhaniyo inafika kwa Ossufo dzuwa lisanalowe. Iye sanakalipe. Anangosiya kupita kumzikiti poopa maso a anthu, ndipo zimenezi zinamupweteka Rukaya kuposa mbama.

Kuzizira kwa Lichinga mu Juni mukukudziwa. Aliyense amakwera sikelo atavala juzi, jekete ndi makapulana angapo, zitenje zathu zija, ndipo palibe amene angamuuze mayi wapakati kuti avule pamphepo. Rukaya anasoka kathumba kakatali, n'kuthiramo nyemba, n'kukamanga m'chiuno pansi pa kapulana. Akatsika pasikelo ankapita kuchimbudzi kukamasula asanamuitane m'chipinda choyezera mimba. Mwezi wotsatira anawonjezeramo zina.

"Mwaona, mamã? Mukamvera zinthu zimayenda," anatero mayi Olinda mokweza. "Bambo mukawauze kuti parabéns, achita bwino."

Tsiku limenelo Rukaya anabwera pamsika akuseka yekhayekha, ndipo Ossufo anayambanso kupita kumzikiti. M'chipinda muja tepi inkaonetsa kuti mimba ndi yaing'ono, koma anamwino anati ndi thupi chabe, poti sikelo ikukwera. Amayi amene makilo awo aima ankawatumiza kwa dokotala n'kuwapatsanso ufa wa phala. Rukaya sanatumizidwe.

Matenda anamuyamba mwezi wake usanakwane. Anabereka kamtsikana kokwanira m'manja awiri, kosatha n'kuyamwa komwe. Ndinakamuona kuchipatala atakamangirira pachifuwa kuti kazimva kutentha, ndipo m'pamene anaulula za nyembazo, kwa ine ndi kwa mayi Olinda amene anabwera kudzamuzonda. Anamwinowo anakhala m'mphepete mwa bedi. Aka kanali koyamba kuwamva akuyankhula motsitsa mawu.

"Kodi chakudya chinkakhazikika m'mimba, mamã?"

"Ayi, mana Olinda. Wallahi, ndinkasanza tsiku ndi tsiku."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Ndikananena pati, pabenchi paja? Ndiponso inu simunafunse za ine. Munafunsa za amuna anga."

Ine mtima unandiwira, ndipo ukuwirabe, chifukwa funso lija silinali lodula. Likanafunsidwa mu Juni, chitseko chili chotseka, bwenzi tikunena zina.

Mwanayo akadali kuchipatala, akumwa mkaka wofinyira m'kapu. Tsiku lomutcha dzina linadutsa kale. Shehe atafunsa, Ossufo anayang'ana pansi n'kunena kuti dzinalo alisunga, ayambe aona ngati mwanayo wabwera kudzakhala.